Kodi kainjini ka 5 kakwanira pa boti lakale la matanga?

Bambo a Tadala (Area 49), Lachiwiri 7:42 madzulo
Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru zanu, makamaka inu amene nyanja mukuidziwa. Mwezi watha ndinagula boti lakale la matanga kwa bambo wina amene wamaliza ntchito kuno ndipo akubwerera kwawo. Ndi la faibala, lotalika mafiti 23, ndiye kuti mamita 7, ndipo mapepala ake akusonyeza kuti linapangidwa m'zaka za m'ma 1970. Likakhala lopanda kanthu limalemera makilogalamu pafupifupi 1,400. Lili ndi kachipinda kogonamo, ndiponso chipsepse cholemera cha pansi chija amati keel. Panopa lili ku Senga Bay, pa thirela, pansi pa mtengo wa mango.

Linabwera ndi kainjini kopachika kumbuyo ka mphamvu ya hosipawa 5, kosakaniza petulo ndi oyilo. Mwini wake anandiuza kuti wayenda nako zaka zambiri popanda vuto. Koma alamu anga atakaona anapukusa mutu, akuti kameneko n'kongopukusira phala, pa nyanja ino sikangandifikitse kulikonse. Ine cholinga changa n'kumatenga banja Loweruka, kuzungulira kachilumba ka Namalenje, nthawi zina kufika ku zilumba za Maleri, ndipo ndikazolowera ndidzawoloke mpaka ku Cape Maclear. Matanga ndinaphunzirapo pa kaboti kakang'ono, koma boti la msinkhu uwu ndi loyamba. Kodi kainjini aka kakwanira, kapena ndiyambe kusaka ndalama ya ina?

Mbewe wa ku Kawale, 7:55
Achimwene, alamu anuwo akunena zoona. Ine ndinabadwira ku Nkhotakota, bambo anga anali ndi maboti awiri a chilimira. Sindinaonepo munthu wanzeru zake akulowa pakati pa nyanja ndi injini ya 5. Yochepetsetsa imene asodzi amaikhulupirira ndi Yamaha Enduro ya 15, ndipo maboti akuluakulu onyamula anthu ndi katundu amamanga ya 40. Mwera ukakupezani pakati, chimene chimakupulumutsani ndi mphamvu basi. Muli ndi ana, musachite masewera.

Chikondi (Chinsapo), 7:58
Pepani akuluakulu, ine ndingofunsa. Ngati boti lili ndi matanga, injini ndi yachiyaninso?

Nachisale (Area 18), 8:20
Chikondi, funso lako ndi labwino ndipo ndi pomwe pali mutu wa nkhani. Pa boti la matanga injini ili ndi ntchito zitatu: kutuluka ndi kulowa pagombe pamene pali maboti ena ndi miyala, kukubweza kunyumba mphepo ikatha, ndi kukuthandiza pamene china chaduka. Ulendo weniweni umayendedwa ndi mphepo.

A Mbewe, ndikukumvani, koma boti la bambo anu ndi la a bambo a Tadala ndi zinthu ziwiri zosiyana. Boti lokhala ndi keel silikwera pamwamba pa madzi, limangowang'amba, ndipo lili ndi malire a liwiro amene silingawadumphe ngakhale mutalimangirira injini yaikulu motani. Malirewo amachokera pa kutalika kwa gawo limene lakhudza madzi. Pa boti la mafiti 23, gawo limenelo limakhala mafiti 20 kapena kuchepera pang'ono. Mukatenga square root ya 20, n'kuchulukitsa ndi 1.34, mupeza ma knot 6, omwe ndi makilomita 11 pa ola. Pamenepo ndiye pathera. Mukawonjezera moto kupitirira apo, kumbuyo kumangotitimira, funde lalikulu n'kumakutsatani, petulo n'kumapsa chabe.

Oyendetsa maboti amtunduwu ambiri amawerengera hosipawa 3 kapena 4 pa tani iliyonse. Boti lanu mukaikamo anthu anayi, madzi akumwa, zigubu za petulo, nangula ndi kamba, lifika matani awiri kuchotsapo pang'ono. Ndiye kuti mukufunika pakati pa 6 ndi 8. Ya 5 ili m'munsi pang'ono, koma si yachabechabe monga akunenera alamu anu. Ya 40 ndiye ayi ndithu, imalemera kupitirira makilogalamu 65, ikhoza kuzula thabwa lakumbuyo.

Mbewe wa ku Kawale, 8:31
Achemwali, masamu anuwo ndi a m'kalasi. Nyanja siwerenga square root. Inu munayamba mwauona mwera wa mu Julaye pa Senga Bay? Mafunde amafika kutalika ngati munthu, ndipo amabwera mothinana, lina lisanathe lina lafika kale.

Nachisale (Area 18), 8:36
Ndinauona, a Mbewe, ndipo unandiliza. N'chifukwa chake ndikunena kuti tsiku lotero nambala yolembedwa pa chivundikiro cha injini si imene imakupulumutsa. Koma ndisiyire akuluakulu afotokoze.

Amisiri a ku Biwi, 9:04
Ndalowa mochedwa, ndinali ndi galimoto ya kasitomala. Bwana a Tadala, musanakambe za hosipawa, tengani tepi mukayeze mwendo wa injiniyo. Muyambire pamene imakolekera pa thabwa mpaka pa kachitsulo kophwatalala kali pamwamba pa propela. Mukapeza mainchesi 15, ndi ya mwendo waufupi. Mukapeza 20, ndi ya mwendo wautali. Palinso ya 25, koma kuno n'zosowa.

Ndikufunsa dala. Ndakonzapo mainjini ambiri a anthu a ku Salima amene amabwera nawo kuno, ndipo ang'onoang'ono ambiri a 4 ndi 5 ndi a mwendo waufupi, opangidwira timaboti topopa kapena ta aluminiyamu. Boti la matanga kumbuyo kwake n'kotalika, ndipo likamakwera funde mphuno ikatsika, kumbuyo kumanyamuka. Pamenepo propela imatuluka m'madzi, injini n'kulira ngati ikung'ambika, boti osayenda. Choipa kwambiri n'chakuti pomwe imakokera madzi oziziritsa pali pompo pamunsi. Ikamakoka mpweya, kampira kopopa madzi kaja, impela, kamapsa m'kanthawi kochepa. Ndiye mwatsala ndi injini yotentha pakati pa mafunde. Ya 15 ya mwendo waufupi ichita chimodzimodzi. Propela ili m'mwamba ilibe hosipawa.

Bambo a Tadala (Area 49), 9:12
Amisiri, zimenezi sindinaziganizeko n'komwe. Injiniyo ndinabwera nayo, ili m'galaja. Dikirani ndikayeze.

Bambo a Tadala (Area 49), 9:26
Ndapeza mainchesi 15 ndi kachidutswa. Ndiye kuti ndi yaifupi. Koma pa botilo pali bulaketi yachitsulo yokwera ndi kutsika, mwina mwini wake ankadalira imeneyo.

Amisiri a ku Biwi, 9:33
Bulaketi imathandiza, koma siisandutsa yaifupi kukhala yaitali. Mukaitsitsa kwambiri kuti propela imire, mutu wa injini umayandikira madzi, funde lochokera kumbuyo n'kuukuta. Madzi akalowa mu kabuleta mwathera pomwepo. Mwini wakeyo mwina ankangoyenda m'mawa nyanja ili bata.

Madala Banda (Likuni), Lachitatu 5:48 m'mawa
Mwadzuka bwanji ana anga. Ndawerenga zonse, usiku maso amandivuta n'chifukwa chake ndayankha m'mawa. Ine ndinagwira ntchito pa sitima za pa nyanja ino zaka zambiri, ndinkakhala ku Monkey Bay, ndisanapume n'kubwera kuno kwa ana.

Mwana wanga Mbewe, mantha ako ndi oyenera. Nyanja iyi ndi yotalika makilomita oposa 550, ndipo mwera umawomba motsata kutalika kwakeko, kuchokera kummwera chakum'mawa. Umayamba cha mu Meyi, n'kulimba mu Juni, Julaye ndi Ogasiti. Sitima ya Vipya inali yachitsulo, yatsopano, ya injini zamphamvu, koma inamira mu Julaye 1946 kumpoto cha ku Chitimba, anthu 145 anatsala m'madzi. Ife tikulowa ntchito akuluakulu ankatiuza nkhani imeneyi tsiku loyamba, kuti tidziwe kuti nyanja sipikisana nayo. Ngakhale Ilala, imene yayenda kuyambira 1951, imachedwa mwera ukavuta.

Tsono bambo a Tadala, taonani mapu. Kuchokera pa Senga Bay kupita ku Cape Maclear ndi makilomita pafupifupi 40, ndipo mukuloza kummwera chakum'mawa, kumene mwera ukuchokera. Mphepo ndi mafunde zonse zili pamphuno. Ulendo umenewo m'miyezi ino musauyese, kaya ndi injini ya 5 kaya ya 15. Dikirani Okutobala kapena Novembala, mpoto ukayamba, ndipo munyamuke mbandakucha. Pobwerera ndiye muziyang'ana nyengo kawiri.

Chinanso, Senga Bay ndi malo oyang'ana kum'mawa. Mwera ukalimba umakukankhirani kugombe. Injini ikazima muli pafupi ndi miyala, mumakhala ndi mphindi zochepa. Chimene chimagwira boti pamenepo ndi nangula. Ndiye ndikufunseni: nangula wanu ndi wolemera bwanji, ali ndi tcheni, ndipo chingwe chake n'chotalika mamita angati? Chingwe chimafunika kutalika kasanu kapena kasanu ndi kawiri kuyerekeza ndi kuya kwa madzi. Pa madzi a mamita 6 mukufunika mamita 30 kapena 40. Ndaona anthu akugula injini yodula koma nangula wawo ndi mwala womangidwa ndi chingwe choyanikira zovala.

Bambo a Tadala (Area 49), 6:40
Zikomo kwambiri madala. Nangula alipo, wachitsulo, koma tcheni chake ndi chachifupi ndipo chachita dzimbiri. Chingwe sindinachiyeze. Kunena zoona maso anga onse anali pa injini.

Mayi a Tadala (Area 49), 7:15
Moni nonse. Ine ndine mayi a kunyumba kwa amene anayambitsa nkhaniyi, andilowetsa pa gulu kuti ndidziwerengere ndekha. Za hosipawa sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti Tadala ali ndi zaka 9, mng'ono wake ali ndi 5, ndipo onse satha kusambira bwino. M'botimo ndinapezamo ma laifi jaketi awiri a akuluakulu, lina zipi yake ndi yofa, ndipo onse akununkha nkhungu. Ndawauza bambo kuti mwana wanga sakwera mpaka aliyense akhale ndi lake lomukwana. Madala, ndikulakwa?

Madala Banda (Likuni), 7:29
Simukulakwa mayi. Jaketi la munthu wamkulu mwana amapulumukamo akagwera m'madzi. Pezani a msinkhu wawo, okhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo, ndipo azivala asanaponde m'boti.

Mbewe wa ku Kawale, 12:50
Madala ndakumvani ndipo sindingatsutsane nanu. Za 40 ndasiya. Koma pa 15 sindisuntha, ndipo chifukwa changa si mphamvu yokha. Achimwene, injini yanu ya 5 ikafa impela muli ku Senga Bay Loweruka masana, mukaipeza kuti? Muyamba kuimba mafoni ku Lilongwe, ena akuuzani kuti tiitanitsa ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, ndipo mavuto a ndalama zakunja mukuwadziwa. Koma Enduro ya 15 ili pa doko lililonse, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Karonga. Mnyamata aliyense wa pa doko amaimasula ndi maso otsinzina. Pulagi, impela, propela, chingwe cholizira, zonse mupeza kwa asodzi. Ndipo zambiri mwa izo ndi za mwendo wautali, chifukwa maboti amatabwa nawonso ndi aatali kumbuyo.

Nachisale (Area 18), 1:22
Apa ndiye mwanena mfundo, a Mbewe, ndipo ndaivomera. Za zipangizo sindinaziganize. Nkhawa yanga yatsala pa kulemera. Ya 5 imalemera makilogalamu 20 ndi pang'ono, ya 8 sifika 30, koma ya 15 imapitirira 35. Kusiyanako kumaoneka kochepa pa pepala, koma katunduyo wapachikidwa kunja kwenikweni kwa boti, pa bulaketi, ndipo funde lililonse amadumpha n'kugwa. Boti la m'ma 1970 kawirikawiri kumbuyo kwake kuli pulayiwudi wokutidwa ndi faibala. Madzi akhala akulowa m'mabowo a mabawuti zaka zonsezi. Kunja kumaoneka kolimba, m'kati muli fumbi lonyowa.

Ndiponso tisaiwale amene aziinyamula. Injini simuisiya pa boti usiku. Kuitsitsa ndi kuikweza muli m'madzi ofika m'chiuno, boti likuvina, makilogalamu 35 ndi ntchito ya anthu awiri.

Amisiri a ku Biwi, 1:58
Zonse ziwiri n'zoona. Bwana, kuyesa thabwalo n'kosavuta. Tengani kanyundo kakang'ono kapena chogwirira cha sikuludiraiva, muzigogoda kuzungulira bulaketi. Pamene pali bwino pamalira kuti ngwe ngwe, pamene pavunda pamalira mogonthera ngati mukumenya dzungu. Kenako masulani bawuti imodzi, mupise kawaya m'bowomo. Kakatuluka ndi zinyenyeswa zakuda zonyowa, musapachikepo injini iliyonse mpaka akonze.

Tsono pa propela. Injini zimenezi zimabwera ndi propela yopangidwira boti lopepuka lothamanga. Pa boti lolemera loyenda pang'onopang'ono zili ngati kukwera chitunda ndi galimoto yodzaza muli mu giya 4. Imafunika propela ya pitch yochepa, ndiye kuti ya masamba osapendekeka kwambiri koma otambalala, imene imakankha madzi ambiri pang'onopang'ono. Injini ya 6 kapena 8 yokhala ndi propela yoyenera imakankha boti lanu bwino kuposa ya 10 yokhala ndi propela yothamangira. Alipo mainjini opangidwira ntchito imeneyi, monga Yamaha 9.9 ya high thrust, koma ndi ya four-stroke, yosasakaniza petulo ndi oyilo, yolemera kuposanso ya 15 ija, ndipo mtengo wake ndi wowawa.

Dziwaninso kuti nyanja yathu ili pamtunda, mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja ya mchere. Injini imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 pa mamita 300 alionse okwera. Onjezani ukalamba wake, mapisitoni ringi otha, ndiye 5 yanuyo mwina ikupereka 4. Bwerani nayo ndiiyeze kompuresheni, mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya, sindikulipiritsani.

Chikondi (Chinsapo), 2:10
Nanga petulo? Ndi mizere ya pa filing'i siteshoni imene timaiona nthawi zina, ya 15 sikhala yowawa?

Amisiri a ku Biwi, 2:24
Ukaitsegula yonse, ya 15 imamwa malita pafupifupi 7 pa ola, ya 5 malita awiri ndi theka. Koma pa boti ili ya 15 sungaitsegule yonse, ukangofika pakati liwiro lakwana kale, ndiye kusiyana sikukhala kwakukulu choncho. Chimene chimapha mainjini a anthu a m'tauni si kuyenda, ndi kukhala. Petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Nchalo. Ethanol amakoka chinyezi. Munthu amasiya petulo mu thanki miyezi itatu, akabwera kabuleta yadzaza zoterera zobiriwira, timabowo tatsekeka. Injini yaing'ono timabowo take n'tating'onong'ono kwambiri, sitichedwa kutseka. Mukamaliza ulendo chotsani paipi ya petulo injini ikulira, izime yokha, ndipo petulo wotsala mukathire m'galimoto ngati sanasakanizidwe. Kusakaniza oyilo tsatani zolembedwa pa injini yanu. Ikakhala ya 50 kwa 1, chigubu cha malita 20 chimafuna oyilo wa two-stroke mamililita 400. Osathira oyilo wa galimoto.

Madala Banda (Likuni), 4:05
Ndiwonjezere kamodzi. Musayende madzulo kufupi ndi kumene asodzi atchera matchera. Ukonde ukakulunga propela, injini yaing'ono imadula kapini kogwira propelayo nthawi yomweyo, ndipo mwawonongeranso mnzanu chuma chake. Muzikhala ndi timapini tapadera, pulayala ndi mpeni. Ndipo mukafika pa doko apatseni moni asodzi, muwafunse za nyengo. Iwo amaona mitambo ya kutsidya ku Mozambique n'kudziwa za mawa. Muzimveranso machenjezo a mwera amene a zanyengo amalengeza pa wailesi.

Bambo a Tadala (Area 49), 8:47 madzulo
Abale, mwandithandiza kuposa mmene ndimayembekezera. Safunsa anadya phula. Ndaganiza chonchi: mawa injini ipita kwa amisiri ku Biwi. Loweruka ndipita ku Senga Bay popanda ana, ndikaliyese m'madzi m'mawa, pafupi ndi gombe, ndi anthu odziwa. Ndikufuna ndione ndi maso anga ndisanawononge ndalama. A Mbewe, ngati muli ndi mpata tiyeni limodzi.

Mbewe wa ku Kawale, 8:52
Ndilipo. Mundipeze pa Kanengo 4 koloko m'mawa, kuti pofika 6 tikhale tili pa mchenga. Ndiimbira msuweni wanga amene ali ndi boti kumeneko kuti akhale tcheru ndi injini yake, zikavuta atikoke.

Amisiri a ku Biwi, Lachinayi 5:30 madzulo
Injini ndaiona. Kompuresheni ili bwino ndithu pa msinkhu wake. Impela inali yolimba ngati chikopa chouma, masamba awiri ong'aluka, ndaikamo ina imene ndinasunga. Kabuleta ndatsuka, pulagi ndasintha, oyilo wa giya anali woyera ngati mkaka, kusonyeza kuti madzi ankalowa, ndiye ndasinthanso ma silo, timphira totchinga madzi. Mu mgolo ikulira bwino ndipo kamadzi koziziritsa kakutuluka mwamphamvu. Ikakanika Loweruka, vuto silikhala matenda.

Bambo a Tadala (Area 49), Lamlungu 3:18 masana
Tabwerako, ndipo ndikufuna ndifotokoze bwinobwino chifukwa ndaphunzira zambiri.

Tinalowetsa boti m'madzi cha m'ma 6:30. Tinalipo anayi: ine, a Mbewe, msuweni wawo ndi mnyamata wina wa pa doko. Nyanja inali ngati galasi, asodzi a usipa akubwerera, nyali zawo atazima kale. Injini inalira pa chikoka chachiwiri. Nditatsegula moto pang'ono kupitirira theka, foni inkasonyeza makilomita 8 pa ola. Nditatsegula wonse inafika 9 ndi theka, phokoso lokha ndi limene linachuluka. Tinazungulira Namalenje bwinobwino. Mumtima ndinati basi nkhani yatha, kainjini kakwana.

Cha m'ma 9 koloko kamphepo kanayamba. Poyamba madzi anangochita makwinya, kenako patali panayamba kuoneka timitu toyera. Msuweni wa a Mbewe anati uwu si mwera weniweni, ndi mwana wake chabe. Tinagwirizana kuti tiloze mphuno kumphepo kwa mphindi zochepa tione. Abale, zimene ananena amisiri zinachitika ndendende. Mafunde anali ofika m'chiuno basi, koma funde lachitatu lililonse kumbuyo kunkanyamuka, propela n'kutuluka, injini n'kukuwa, kenako n'kumiranso ndi kugunda kumene ndinkakumva m'mano. Liwiro linatsika kufika makilomita 3 pa ola, nthawi zina foni inkasonyeza 1. Mnyamata uja atapita kutsogolo kukamanga nangula amene ankagubuduka, kulemera kwake kunatsitsa mphuno ndipo propela inakhala m'mwamba nthawi yaitali, mpaka boti linatembenuka lokha kupereka nthiti ku mafunde. Pamenepo ndinaganiza za Tadala ndi mng'ono wake, ndipo ndinathokoza kuti mayi awo anakaniza.

Tinakweza thanga laling'ono lakutsogolo, lalikulu tinalikweza mochepetsa. Nthawi yomweyo boti linasintha khalidwe. Linapendekera mbali imodzi n'kukhazikika, kudumpha kuja kunachepa, ndipo tinayamba kuyenda makilomita 7 mpaka 8 pa ola injini titaizimitsa. Sindinadziwe kuti boti lokalamba chonchi lingayende mokoma motero. Tinabwerera ndi matanga mpaka pafupi ndi gombe, injini tinangoilizanso polowa.

Titalikweza pa thirela ndinagogoda thabwa lija. Mbali ya kumanzere kwa bulaketi ikulira ngati dzungu. Bawuti imodzi ndinaizula ndi zala.

Mbewe wa ku Kawale, 3:40
Ndinaliko ndipo zonse anenazi n'zoona. Ndivomere pagulu kuti matanga aja anandidabwitsa, sindinkayembekezera kuti angakwere mphepo chotero. Koma ndinaonanso ndi maso anga kuti pa mafunde aang'ono ngati amene aja tinkangoima malo amodzi. Tsiku limene thanga lidzang'ambike, kapena waya wa mlongoti adzaduke, mudzafuna injini yoti ikukankheni. Ine ndikadali pa 15 ya mwendo wautali.

Nachisale (Area 18), 4:12
Ndasangalala kuti mwabwerako bwino. Taonani manambala anu omwe, bambo a Tadala: pa bata munafika 9 ndi theka, pamene malire a botilo ndi 11. Ndiye mphamvu ikuperewera pang'ono chabe. Chimene chinakugwetsani kufika pa 3 ndi propela yotuluka m'madzi. Ine ndikanakhala inu ndikanasaka ya 8 ya mwendo wautali, n'kuiika propela ya pitch yochepa. Ndalama yotsala ndikanagulira tcheni, chingwe cha nangula, majaketi a ana, ndi kusintha mawaya ogwira mlongoti ngati ndi omwe aja a kalekale. Pitani mukawasisite ndi kansalu, kakakodwa pa tiwaya tothothoka ndiye kuti atha. Zimene akuopa a Mbewe zimayambira pamenepo.

Koma ikasowa ya 8, ya 15 ya a Mbewe si tchimo, bola thabwa likonzedwe kaye ndipo bulaketi ikhale yolembedwa kuti imanyamula kulemera kumeneko.

Amisiri a ku Biwi, 4:35
Pa two-stroke za Yamaha, 9.9 ndi 15 thupi lake ndi limodzi, kulemera n'chimodzimodzi, ndiye musavutike kusaka 9.9 poganiza kuti ipepuka. Kusankha kuli pakati pa 8 ndi 15 basi. Mukagula yogwiritsidwa kale ntchito kwa asodzi, dziwani kuti imeneyo yagwira ntchito usiku uliwonse kwa zaka. Musapereke ndalama ndisanaiyeze, ndipo muonetsetse kuti nambala yake sinafufutidwe, mainjini obedwa ndi ambiri m'mbali mwa nyanja. Thabwa lija musapatse kalipentala wamba. Pamafunika kudula faibala ya m'kati, kuchotsa chovunda chonse, kuika marine ply watsopano, pulayiwudi wopirira madzi, ndi kumata ndi resin, guluu wa faibala, kenako chitsulo chophwatalala kuseri kwa mabawuti.

Madala Banda (Likuni), 5:02
Mwachita bwino kukayesa muli ndi anthu. Kainjini ka 5 musakagulitse msanga. Boti likadzakonzedwa muzikagoneka m'kachipinda pa ulendo wautali, kakhale kapadera. Ndipo ngakhale mutagula ina, chaka chino phunzirani kuchepetsa thanga mpaka muzichita osaganiza, mudakali pa nangula, mphepo isanakule. Za mapepala a boti ndi chilolezo mukafunse ku ofesi ya za maulendo a pamadzi musanayambe kunyamula banja.

Mayi a Tadala (Area 49), 5:20
Zikomo madala, zikomo nonse. Majaketi ndayamba kale kufunsa kwa mnzanga amene akubwera kuchokera ku Johannesburg kumapeto kwa mwezi. Ndamutumizira masikelo a ana onse awiri. Ndapezanso malo ophunzitsa kusambira kuno m'tauni, ayamba tchuthi chikubwerachi.

Bambo a Tadala (Area 49), 6:03
Ndiyamba ndi thabwa, chifukwa popanda limenelo palibe injini yopachikapo. Amisiri, ngati mukudziwa munthu wa faibala ku Salima kapena kuno munditumizire kumbali. A Mbewe, muwauze asuweni anu ayambe kufunsa pa madoko, ya 8 kapena ya 15, bola mwendo ukhale wa mainchesi 20, ndipo asaiwale kuyenda ndi tepi. Imene ipezeke yabwino poyamba tidzabwera nayo ku Biwi. Botilo likhala pansi pa mango mpaka mwera utadutsa.

Mbewe wa ku Kawale, 6:09
Ndawaimbira kale. Akuti pali ya 15 ina cha ku Chipoka, mwini wake akusiya usodzi. Apita Lachitatu kukaiona, atumiza zithunzi za mwendo ndi nambala yake.